Zithunzi za osewera mpira zikasanduka katundu pamutu

Pa tsamba lino timakonda kukambirana za malungo, kolera, katemera wa ana ndi Edzi. Lero ndiloleni ndikambe za kanthu kamene ena a inu mukaseke: timapepala ta zithunzi za osewera mpira timene achinyamata amatolera n'kumamata m'buku. Pa Chipwitikizi timapepalati amatitcha cromos, ndipo bukulo ndi caderneta. Mwina mufunsa kuti zimenezi zikukhudzana bwanji ndi umoyo wa munthu. Dekhani, paja kuona maso a nkhono n'kudekha.

Mlongo wanga ali ndi mnyamata amene amakonda mpira kuposa nsima. M'chaka cha 2022, pamene mpikisano wa dziko lonse unkachitikira ku Qatar, bambo ake amene amagwira ntchito ku Johannesburg anamutumizira buku lotere ndi mapaketi angapo a zithunzi. Mnyamatayo anasangalala kwabasi. Madzulo aliwonse anzake ankadzaza pakhonde kudzaona Messi, Mbappé ndi Hakimi wa ku Morocco. Koma bukulo linali ndi malo a zithunzi 670, ndipo mapaketi a bambo ake anangodzaza pangodya. Anayamba kutuma madalaivala a magalimoto odutsa pachipata kuti azimugulira ena kutauni. Mukukumbukira kuti mpikisanowo unachitika mu Novembala ndi Disembala, nthawi yobzala. Ndalama zimene anapeza atagulitsa mbatata ya kachewere ya m'dimba lake, zimene zinayenera kugula feteleza, zinathera m'mapaketi.

Mpikisano unatha, iye sanathe nawo. Tsiku lina ndinamupeza atakhala kuseri kwa nkhokwe, mapaketi atatu osatsegula ali pamwendo, akungoyang'ana pansi. Nditamufunsa anati, "Amalume, sizikundikomeranso, koma kusiya ndikulephera." Mawu amenewa ndi amene andichititsa kulemba nkhani ino.

Choyamba tidziwe kuti mnyamatayu si chitsiru. Malonda amenewa anakonzedwa mwanzeru. Kampani ya Panini, imene inayambitsidwa ndi abale a banja limodzi mumzinda wa Modena ku Italy mu 1961, yakhala ikutulutsa mabuku a mpikisano wa dziko lonse kuyambira wa ku Mexico mu 1970. Paketi imagulitsidwa yomata, ndipo simudziwa amene ali m'katimo mpaka mutaing'amba. Poyamba chithunzi chilichonse chimakhala chatsopano, mtima n'kumakoma. Buku likamadzaza, zobwereza zimachuluka. Mu 2018 bukulo linali ndi malo 682, ndipo paketi imodzi inkakhala ndi zithunzi 5. Munthu wamwayi wosapeza chobwereza ngakhale chimodzi akanafuna mapaketi 137 okha. Koma katswiri wa masamu pa yunivesite ya Cardiff ku Britain, Paul Harper, anawerengera kuti munthu wogula yekha, wosasinthana ndi anzake, angafune mapaketi pafupifupi 967, zomwe ndi ndalama zoposa mapaundi 770.

Kuti timvetse bwino, tiyerekeze kuti muli ndi thumba la nyemba 682, ndipo imodzi yokha ndiyo yofiira. Mukupisa dzanja mutatsinzina, mukatola yoyera mukuibwezera momwemo. Kodi mupisa kangati kuti mupeze yofiirayo? Umu ndi mmene chithunzi chomaliza chimavutira. Ntchito ikukula, chimwemwe chikuchepa, ndalama zikupita. Mtima wa munthu ungalekerenji kutopa?

Ena munena kuti kuno kwathu mabuku otere ndi osowa, choncho nkhaniyi ndi ya ana a kutauni. Ndikuvomera kuti si nyumba iliyonse ili nawo. Ambiri a ife tinakula tikudula zithunzi za Eusébio kapena za osewera a Mambas ndi Flames m'nyuzipepala zakale n'kumazimata kukhoma ndi phala. Koma lero paketi ija inalowa m'foni. Muli masewera a mpira a pa intaneti amene amagulitsa makhadi a osewera mwa njira yomweyo: mulipire kaye, muone pambuyo amene mwapeza. Mnyamata amachezera usiku wonse, mayunitsi a Movitel kapena Vodacom atha, wathira a Airtel kapena TNM, pofuna wosewera mmodzi. Mu 2018 bungwe loona za juga ku Belgium linagamula kuti mapaketi ogula ndi ndalama m'masewera ena otere ndi juga ndithu. Ngati boma la dziko lolemera linaona choopsa, nanga ife amene ndalama zathu zimachokera m'khasu?

Palinso bodza lina limene limakola achinyamata, lakuti makhadi ndi chuma. N'zoona kuti mu 2022 ku America khadi limodzi la wosewera baseball, Mickey Mantle, losindikizidwa mu 1952, linagulidwa pa madola 12.6 miliyoni. Koma limenelo ndi limodzi mwa makhadi osawerengeka amene anathera kudzala. Kodi pamsika wa Kalomwe kapena wa Lizulu alipo angakupatseni thumba la chimanga posinthana ndi chithunzi cha Ronaldo? Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ndi wamphepo.

Tsopano tibwere ku zaumoyo. Mu 2019 bungwe loona zaumoyo pa dziko lonse la WHO linalongosola kutopa kwa mtima kumene pa Chingerezi amati burnout. Linanena kuti si matenda paokha, koma ndi vuto lobwera chifukwa cha kupanikizika kwa nthawi yaitali pantchito, ndipo limaoneka m'njira zitatu: mphamvu kutha, mtima kuchoka pa zimene ukuchita, ndi kudziona kuti palibe chimene ukukwanitsa. Bungweli linkanena za ntchito, osati masewera. Komabe maganizo anga ndi akuti masewera akasanduka ntchito yokakamiza, amatopetsa mofananamo. Zonse zitatu ndinaziona mwa mwana wa mlongo wanga. Tulo sankapeza, ankapsa mtima msanga, ndipo ngakhale mpira weniweni wa pabwalo la sukulu anasiya kukaonera.

Inu amene mumatolera zithunzi kapena makhadi a m'foni, dzifunseni mafunso awa. Kodi mukatsegula paketi mumasangalala, kapena mumangopuma kuti mwachotsa ngongole? Kodi mumabisira makolo kapena akazi anu ndalama zimene mwawononga? Kodi munakongolapo kapena kugulitsa nkhuku chifukwa cha zimenezi? Kodi mukaona buku la mnzanu mtima umawawa? Ngati mwayankha kuti inde pa awiri kapena atatu, nthawi yopuma yakwana.

Kupuma sikutanthauza kutentha buku. Ikani zonse m'katoni, mupatse munthu amene mumamukhulupirira asunge kwa mwezi wathunthu. Ngati ndi za m'foni, chotsani masewerawo kwa mwezi womwewo. Masiku oyamba mtima udzakhala ukukoka, koma zimapita zikuchepa. Mwezi ukatha mudzadziwa ngati mukuzifunadi.

Mukabwerera, dziikireni malire musanagule. Nenani kuti pamwezi ndi mametikali akutiakuti, ndipo zikhale zotsala mutagula sopo, mchere, makope ndi feteleza. Zikatha, zatha.

Chepetsaninso cholinga chanu. Ndani anakulamulani kuti mudzaze buku lonse? Mpikisano wa 2026 wa matimu 48 waposa wa 2022 umene unali ndi matimu 32, ndiye kuti mabuku akunka nakula. Sankhani timu imodzi kapena matimu a mu Africa okha. Mukawapeza, mwamaliza, ndipo mwamaliza mwaulemu. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada.

Musatolere nokha. Katswiri wa masamu uja anapezanso kuti anthu 10 akamasinthana zobwereza, ndalama zimene aliyense angawononge zimatsika kufika pa mapaundi pafupifupi 247. Phindu lalikulu si ndalama zokha ayi. Chimene chinkakometsa zinthuzi pachiyambi ndi macheza a pakhonde aja, kutsutsana za amene amaposa mnzake, ndi kuseka. Munthu akayamba kutsegula mapaketi yekha kuseri kwa nkhokwe, chokoma chija chapita kale.

Kwa inu makolo, agogo ndi amalume anzanga, ndikupempha kuti tisathamangire chikwapu. Ine ndemwe ndinafuna kuponya buku lija pamoto, koma ndinaona kuti ndikatero mwanayo adzangophunzira kubisa. Tinakhala pansi, tinawerengera limodzi ndalama zonse zimene zinapita, ndipo iye mwini anagwira pakamwa. Zobwereza zonse anagawira ana a m'mudzi. Buku analisunga ngakhale lili ndi malo opanda kanthu, ndipo Lamlungu anayambanso kusewera kumbuyo mu timu ya m'mudzi mwathu. Mwana akaona kuti mukumumvetsera, amanena zoona.

Pomaliza, pali pena pamene malangizo a pakhomo sakwanira. Ngati munthu watha milungu iwiri kapena kuposerapo ali wokhumudwa, sakudya, sakugona, kapena wayamba kulankhula zoti moyo ulibe phindu, musadikire. Pitani naye kwa wazaumoyo wa m'mudzi, kuchipatala chaching'ono chimene muli nacho pafupi, kapena ku chipatala cha ku Ulongwe. Chimodzimodzi ngati makhadi amutsogolera ku kubetcha pa mpira ndipo akulephera kusiya. WHO imawerengera chizolowezi cha juga m'gulu la matenda, ndipo munthu wotere amafunika thandizo, osati kunyozedwa. Matenda a maganizo si ufiti, si ulesi.

Mpira ndi wabwino, ndipo kusunga zithunzi za akatswiri ake si tchimo. Koma buku lokhala ndi malo opanda kanthu silinaphepo munthu, pamene nkhokwe yopanda kanthu mu Febuluwale tonse tikuidziwa. Ngati m'nyumba mwanu muli nkhani yonga imeneyi, tilembereni kapena mufike ku wailesi kuti tidzakambirane pa pologalamu ya zaumoyo. Dzina lanu sitidzalitchula.