Wamatsenga Wopambana Ndi Uti?

M'magazini ano tizolowera kuwerenga za mpira ndi za mayeso, koma ine ndifuna kunenapo za masewera ena amene safuna bwalo. Dzina lake ndi Dungeons & Dragons. Anawayamba ndi anthu awiri a ku America, Gary Gygax ndi Dave Arneson, ndipo anasindikizidwa koyamba m'caka ca 1974. Osewera amakhala mozungulira tebulo. Mmodzi asimba nthano, ndipo ena onse atenga malo a anthu a m'nthanomo. Munthu akafuna kucita kanthu kobvuta aponya daisi ya mbali 20, ndipo nambala imene yatulukayo ndiyo iweruza mlandu. Wina asacite mantha pakumva mau akuti matsenga. Pa tebulopo pali pepala, pensulo ndi madaisi basi.

Mwa anthu a m'nthanomo, wamatsenga ndiye wofooka thupi. Moyo wake auwerenga ndi daisi ya mbali 6, pamene wa msilikali auwerenga ndi ya mbali 10. Cuma cake conse ndi buku ndi mutu. Matsenga ake agawidwa m'mitundu 8, ndipo iye ayenera kusankha mtundu umodzi woti auzamire. Buku la osewera la 2014 linapereka mitundu yonse 8, koma la 2024 linangosunga inai. Tiyeni tiione inaiyi.

Woyamba ndi Evoker, mwini moto ndi mphezi. Uyu ndiye akopa anyamata ambiri, ndipo cifukwa cake ncodziwika. Tsenga lochuka la Fireball litentha zonse zokhala mapazi 20 kucokera pakati pake, ndipo mabala ake awerengedwa ndi madaisi 8 a mbali 6. Odziwa masamu aona kuti kawirikawiri nambala yake igwa pafupi ndi 28. Luso la Evoker nlakuti atha kuponya motowo pakati pa nkhondo, anzake osapsa. Ici si cinthu cacabe. Koma zirombo zina, monga cinjoka cofiira, sizimva moto konse. Ndipo moto sungakuuzeni amene anaba ndalama za mfumu.

Waciwiri ndi Illusionist, wonyenga maso. Amaonetsa khoma pamene palibe khoma, kapena kumvetsa mau pamene palibe munthu. Wosewera wocenjera acita naye zodabwitsa, koma mphamvu yake yonse itsamira pa wosimba nthano. Iye akanena kuti mlonda sananyengedwe, nchito yonse yagwa m'madzi.

Wacitatu ndi Abjurer, wochinjiriza. Ali ndi cishango cosaoneka cimene cilandira mikwingwirima m'malo mwa thupi lake, ndipo akafika sitepe 6 atha kuchinga naco mnzake. Uyu ndimlemekeza, pakuti wakufa saponya tsenga. Komabe nchito yake ndi kudikira kuti mdani ayambe.

Wacinai ndi Diviner, woona zam'tsogolo, ndipo ine ndinena kuti uyu ndiye wopambana. Akadzuka m'mawa wa m'nthano aponya madaisi awiri a mbali 20 ndi kulemba manambala ake pa pepala. Tsiku lomwelo atha kupereka nambala imodzi kwa iye mwini, kwa mnzake kapena kwa mdani amene alikumuona, daisi isanaponyedwe. Taganizani bwino. Akapeza 19, asungira mnzake amene alikulumpha phompho. Akapeza 2, asungira mdani amene alikuyesa kupulumuka tsenga. Kwa iye nambala yaikuru ndi mphatso, yaing'ono ndi mkondo.

Ena adzati, "Manambala awiri okha pa tsiku lonse, si zocepa kodi?" Ndibvomera kuti nzocepa, ndipo wacitatu aupeza pofika sitepe 14. Koma pali mfundo imene otsutsa aiwala. M'malamulo a 1989, wosankha mtundu umodzi analetsedwa kuphunzira mitundu yotsutsana nao. M'mabuku a 2014 ndi 2024 lamulo limenelo mulibe. Tsono Diviner akafika sitepe 5 atha kulemba Fireball m'buku lake monga wina aliyense, pamene Evoker sadzapeza konse manambala awiri aja. Wina ali ndi moto wokoma. Mnzake ali ndi moto pamodzi ndi maso.

Cinanso cimene cindikondweretsa ndi khalidwe limene Diviner aphunzitsa. Woponya moto ayang'ana pepala lake, kudikira nthawi yake yomveka. Wosunga manambala ayenera kumvetsera zimene anzake onse alikucita, ndi kudziletsa kufikira nthawi yoyenera. Akafulumira, madzulo adzasowa cothandizira mnzake. Akaumira, manambalawo afa nalo tsiku. Akuru anati kuona maso a nkhono nkudekha, ndipo pa tebulo ili mau amenewa ndi oona.

Sindinena kuti onse asankhe mtundu umodzi, pakuti gulu la oona zam'tsogolo okhaokha lingathe kuona imfa yake bwino lomwe koma osaithawa. Cala cimodzi siciswa nsabwe. Pempho langa ndi lakuti amene mutenga wamatsenga musathamangire caphokoso. Yambani mwafunsa anzanu cimene gulu lisowa, ndipo mukapeza kuti onse anyamula moto, inu nyamulani pensulo ndi manambala awiri.