Nyumba ya matayala iyenera kudzidyetsa yokha

Mnzanga wina wa ku hositelo ali ndi nthenda imene mankhwala ake sanapezeke. Bandulo ikangolowa m'foni, amathera pa YouTube kuonera azungu amene agula galimoto yonyamulira katundu, akolopamo, aikamo bedi, sinki, kashelefu ka mabuku ndi timagetsi, kenako n'kumakadzuka m'mphepete mwa nyanja kapu ya khofi ili m'manja. Tsiku lina anatisonkhanitsa n'kutiuza kuti, "Akuluakulu, tikangolandira mapepala, pulani ndi imeneyi. Tikaimika ku Nkhotakota."

Tinamuseka. Wina anati kugona m'galimoto si zachilendo kuno, tinaphunzira kale pa mzere wa mafuta. Wina anati makondakitala akhala akugona m'minibasi pa depoti kuyambira makedzana, koma palibe anawajambulapo kuti awaike pa Instagram.

Ndinaseka nawo, koma nkhaniyi sinandichoke m'mutu. Ndaiganizira kwa miyezi, ndipo pamene ndafika ndi apa: mnzangayu sakulakwa kulota. Akulakwitsa galimoto imene akuilota, ndi ntchito imene akufuna kuti izigwira. Kunja, galimoto yogonamo ndi njira yothawira lendi ndi abwana. Kuno kwathu, kwa mwana wongotuluka kumene ku koleji, galimoto yotere ikhoza kukhalapo pokhapokha ikamabweretsa ndalama. Mukavomereza zimenezi, chilichonse chimasintha: mtundu wa galimoto, kapangidwe ka bedi, ngakhale utoto.

Ndiyambe ndi kumuikira kumbuyo pa nkhani ya malo. Amene sanafikeko amaganiza kuti Nkhotakota ndi mpunga ndi kondowole basi. Pa boma pali mtengo umene David Livingstone anakumanirapo ndi Jumbe mu 1863, nthawi imene akapolo ankawoloketsedwa panyanja kuchokera pomwepo. Pali akasupe a madzi otentha a Mawira. Kummwera kuli thamanda la Chia, limene limakumana ndi nyanja pa mlatho wa msewu wa M5. Kumtunda kuli nkhalango ya masikweya kilomita pafupifupi 1,800, imene bungwe la African Parks linayamba kuyendetsa mu 2015, ndipo mu 2016 ndi 2017 anasamutsirako njovu pafupifupi 500 kuchokera ku Liwonde ndi Majete. Mtsinje wa Bua, umene mpasa zimakwera pokaswana, umadutsa m'nkhalango yomweyo. Kumpoto kuli nzimbe za ku Dwangwa. Mu 2024 ngakhale chikondwerero cha Lake of Stars chinachitikira m'boma lomweli.

Vuto ndi lakuti malo onsewa ndi omwazikana. Minibasi imakutsitsa pa siteji, zotsalazo uone wekha ndi a kabaza. Malo ogona a m'mphepete mwa nyanja ambiri mitengo yake anaikonzera mlendo wobwera ndi ndalama zakunja kapena wantchito wobwera ndi alawansi ya msonkhano. Mapeto ake timaloweza nyanja yathu m'kalasi, kulemba mayeso n'kukhoza, madzi ake osawapondapo. Galimoto yogonamo imathetsa mavuto awiri nthawi imodzi: mayendedwe ndi pogona. Apa mnzanga akunena zoona.

Pamene timasiyana ndi pa kusankha. M'makanema ake muli Mercedes Sprinter ndi Volkswagen zakale zopakidwa bwino. Ndi zokongola, sindikukana. Koma chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Funso loyamba pogula galimoto yotere si lakuti ikuoneka bwanji dzuwa likamalowa. Funso ndi ili: ikandifera pakati pa Benga ndi Dwangwa, Loweruka madzulo, ndani angaidzutse, ndipo sipeya yake ichokera kuti? Ngati yankho lili lakuti tidikira milungu itatu kuti ibwere kuchokera ku Johannesburg, imeneyo si nyumba yoyenda, ndi khola la nkhuku za eni mudzi.

Galimoto yoyenera ndi yomweyo timaidandaula tsiku ndi tsiku tikapanikizana anayi pa mpando: Toyota HiAce, Nissan Caravan, kapena Mazda Bongo kwa amene thumba lawo ndi laling'ono. Makaniko wa pansi pa mtengo wa mango aliyense anaphwasulapo injini zake. Lamba, mabuleki, pampu ya madzi ndi matayala zimapezeka pa malo ochitira malonda ambiri. Ndi zochokera ku Japan, chiwongolero chili kumanja monga misewu yathu ifunira. HiAce wamba ya mtundu umene unayamba kutuluka mu 2004 ili ndi malo a kumbuyo otalika pafupifupi mamita 3, m'lifupi mita imodzi ndi theka. Ndiye kuti munthu wamkulu sangagone mopingasa, bedi liyenera kutsata utali wa galimoto. Ya denga wamba simungaimiriremo, ya denga lalitali imapatsa mpweya koma mtengo wake umakwera. Bongo ndi yopapatiza, yokwanira awiri ogwirizana.

Kenako pali kusankha pakati pa kuitanitsa ndi kugula ya konkuno. Yoitanitsa ku Japan kudzera ku Dar es Salaam ndi pa Songwe imabwera isanazunzike, koma mtengo wake uli m'madola, msonkho wa MRA n'kubwera pamwamba. Amene anayamba kusunga ndalama za galimoto mu 2022 akudziwa chimene ndikunena: kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu Meyi chaka chimenecho, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Ya konkuno mumalipira m'makwacha ndipo mumaiona ndi maso, koma minibasi imene yanyamula anthu ndi matumba kwa zaka khumi imakhala itatopa mafupa. Ine ndingasake imene inkanyamula katundu wopepuka pa kampani kapena pa bungwe. Ndipo sindingapite ndekha. Ndingatenge makaniko amene si mnzake wa wogulitsa, alowe pansi aone dzimbiri ndi masipuling'i, aiyendetse pa chitunda mpaka injini itenthe bwinobwino. Injini za galimoto zimenezi zili pansi pa mpando, ndipo ikakhala ndi chizolowezi chowira, kutentha kwa Okutobala kunyanja kudzaiulula muli kutali ndi kwanu. Mapepala nawo akhale ogwirizana ndi nambala za pa galimoto. Wogulitsa akamafulumizitsa, inu dekhani.

Tsopano kukonza. Lamulo langa ndi limodzi: musamange chilichonse chimene simungachotse pa ola limodzi. A pa YouTube amakhomerera makabati mpaka kudenga chifukwa galimotoyo sidzagwiranso ntchito ina. Yathu Lachisanu ndi nyumba, Lolemba ndi ganyu. Wowotcherera zitsulo apange kafelemu kotsika komangirira pa mabowo omwe aja a mipando, kalipentala aikepo mabokosi a pulayiwudi okhala ndi zivindikiro. Pamwamba pake matiresi odulidwa pawiri kapena patatu, pansi pake ziwiya, chigubu cha madzi cha malita 20 ndi zikwama. Mukamasula mabawuti, mipando imabwerera. Amisiri otere ali ponseponse, ena ndi anzathu amene anadutsa m'masukulu a TEVETA, ndipo ntchito yotere ingawapatse msika watsopano. Koma musanachotse mpando ndi umodzi womwe, kafunseni ku Road Traffic ndi kwa a inshuwalansi, chifukwa mapepala amanena ntchito ya galimoto ndi chiwerengero cha anthu, ndipo kunyamula anthu olipira kumafuna chilolezo chake.

Mdani wa amene amagona m'galimoto ku Ulaya ndi chisanu. Wathu ndi kutentha ndi udzudzu. Galimoto yotseka mazenera ku Nkhotakota mu Novembala ndi uvuni, yotsegula mazenera ndi chiitano cha malungo. Choncho ndalama yoyamba ipite ku sefa ya m'mazenera, neti ya pa bedi, chotchinga kutentha kudenga ndi kafani. Utoto ukhale woyera. Umabweza dzuwa, komanso m'nkhalango muja muli kashembe, ntchentche zofalitsa kaodzera, zimene zimakopeka ndi zinthu zakuda ndi zabuluu. Magetsi ndi osavuta: sola ya mawati 100 padenga ndi batire lachiwiri zikwanira mafoni, laputopu, nyali ndi fani. Batire limenelo lisalumikizane mwachisawawa ndi loliza injini, kuopa kudzuka m'mawa n'kuyamba kupempha ana a m'mudzi kuti akukankheni. Sinki ndi shawa zisiyeni, beseni lilipo. Ndipo kuphika kukhale panja nthawi zonse. Mbaula ya makala m'galimoto yotseka imatulutsa mpweya wopanda fungo umene umapha munthu ali m'tulo. Chimenechi si nthabwala.

Ndikudziwa chimene ambiri mukufuna kundifunsa: mwana wopanda ntchito, amene akusowa ya lendi ku Area 25 kapena ku Ndirande, galimoto aitenga kuti? Funsoli ndi loona, ndipo sindilizemba. Ngati cholinga ndi kupita kunyanja kawiri pa chaka, musagule galimoto. Gulani tenti, kwerani minibasi, mudzasangalala chimodzimodzi. Werengani nokha: kuchoka ku Lilongwe kudzera ku Salima ndi makilomita pafupifupi 200. Kupita, kubwera ndi kuzungulira pang'ono ndi 500. Galimoto ikamayenda makilomita 10 pa lita, amenewo ndi malita 50, mafutawo atapezeka. Onjezani inshuwalansi, COF, matayala ndi sevisi, zimene zimafuna ndalama ngakhale galimoto itangokhala pabwalo.

N'chifukwa chake ndikuti idzidyetse. Mutu umodzi susenza denga: anthu anayi kapena asanu akhoza kusonkha monga amachitira amayi athu ku banki m'khonde, mmodzi wodziwa zamainjini, wina zokopa alendo monga amaphunzirira ku Mzuni, wina wosunga mabuku. M'kati mwa sabata inyamule mpunga nthawi yokolola, katundu wa ma shopu, kwaya kapena a chinkhoswe. Kumapeto kwa sabata itenge anthu anayi, awiri ogona m'kati, awiri mu tenti pambali, pa mtengo umene mphunzitsi kapena namwino wongoyamba ntchito angakwanitse. Tikamamva za ulimi, zokopa alendo ndi migodi m'zolankhula za atsogoleri, timangoganiza mlendo wotsika ndege ku Kamuzu International Airport. Mlendo amene palibe akumufuna ndi Mmalawi wa malipiro ochepa amene amalakalaka atadzuka kamodzi akumva mafunde. Chenjezo langa ndi loti mgwirizano ulembedwe pa pepala tsiku loyamba: ndani waika zingati, ndani amagwira makiyi, ikawonongeka alipira ndani, wofuna kutuluka atuluka bwanji. Ubwenzi wa ku hositelo umapirira njala, koma ndalama ya giyabokosi imauthetsa.

Chomaliza, ndipo kwa ine ndicho chachikulu. M'makanema muja gombe limaoneka lopanda mwini. Ku Nkhotakota kulibe gombe lotero. Pamene inu mukuona malo abwino ojambulirapo, ena akuona dooko lokocheza mabwato, poyanika makoka, pa thandala la usipa, potungira madzi, posamba amayi. Pali mfumu, pali komiti ya asodzi. Kufika usiku ndi nyimbo n'kungoimika ndi chipongwe, komanso n'kudziika pa ngozi, chifukwa eni malo ndiwo amadziwa pamene ng'ona ndi mvuu zimatulukira ndi tsiku limene mwera wakwiya. Ndiwonso angakuuzeni pamene madzi amafika. Mu 2024 nyanja inakwera mpaka kulowa m'malo ogona alendo, ndipo madzi osefukira anasamutsa mabanja ambiri cha ku Dwangwa. Palinso nkhani ya chimbudzi, imene makanema satchula. Kolera ya 2022 ndi 2023 inapweteka kwambiri maboma a kunyanja, ndiye wophunzira asakhale wowonjezera nyansi pa mchenga. Imikani pa malo a kampu amene ali ndi chimbudzi n'kulipira kochepako, kapena kalonjereni kwa amfumu mupemphe malo. Nsomba, mpunga, nkhuni ndi tomato gulani pomwepo. Galimoto yobwera ndi zonse kuchokera m'tauni, n'kusiya mabotolo okha, siisiyana ndi mbala.

Mnzanga uja ndinamuuza zonsezi. Anakhala chete, kenako n'kufunsa ngati m'bokosi la pansi pa bedi mungatsale malo a kashelefu ka mabuku. Ndinamuuza kuti angatsale, bola kakhale ka mabawuti. Panopa wasiya kuonera za Sprinter. Masana akakhala alibe kalasi amapita ku galaja ina kukaphunzira kusintha lamba wa HiAce, ndipo amabwerako manja ali bii. Galimoto sitinagule, ndipo mwina papita zaka. Koma tsiku limene tidzaimike pa mchenga wa ku Nkhotakota, titalonjera kwa eni mudzi, ndikufuna tidzagone podziwa kuti mafuta obwererera galimotoyo inadzigulira yokha.