Penti idikire, yambani ndi habu

Honda CG125 ya bambo anga yakhala pakhonde la kuseri kwa zaka 7, mpaka nkhuku zinayamba kuikira mazira pansi pake. Atanena kuti aigulitsa kwa ogula zitsulo zakutha, ndinawapempha kuti andipatseko miyezi itatu. "Ukaidzutsa ndi yako," anatero, "koma usaikwere ndisanaione."

Ine mutu wonse unali pa penti ndi chithunzi choika pa WhatsApp. Mkulu wina amene amakonza njinga kufupi ndi kwathu thankiyo sanaiyang'ane n'komwe. Anaimika njinga pa sitandi yapakati, n'kugwira tayala lakumbuyo ndi manja awiri, n'kuligwedezera uku ndi uku. Linangoti gwedegwede. "Achimwene, penti sinaphepo munthu. Chimapha ndi ichi."

Honda inatulutsa CG125 mu 1975, poganizira maiko amene anthu sapita ndi njinga ku sevisi kawirikawiri. Injini za njinga zambiri za ku China zimene akabaza amayendera anazitengera pa imeneyi, ndiye zipangizo sizisowa kwenikweni. Koma musagule mongoyerekeza. Nyamulani chakalecho mupite nacho kushopu.

Habu ndi mtima wa wilo: masipoko amakola pamenepo, ekiselo imadutsa mkati mwake, mabuleki ndi sipuloketi zili pomwepo. Musanamasule kanthu, jambulani ndi foni. Chilichonse chimene chatuluka pa ekiselo muchindandalike pansalu momwe chatulukira. Ine ndinadzidalira, ndipo madzulo ndinatsala ndi kawashala kamodzi m'manja osadziwa kwawo.

Ma bearing athu anali atauma, girizi itasanduka ngati dothi. Nambala imakhala pambali pake. Mwachitsanzo 6202 ndi ya mamilimita 15 mkati, 35 kunja. Tinatsuka habu ndi parafini, n'kuiyanika padzuwa kuti itenthe, ma bearing atsopano tinawagoneka mufiriji. Chitsulo chozizira chimanyala pang'ono, ndiye chimalowa mosalimbana. Apa ndi pamene ndinataya ndalama: ndinamenya hamala pa mkombero wamkati, bearing yatsopano n'kuyamba kukhakhala isanayende ngakhale mita imodzi. Pomenya ndi pa mkombero wakunja basi, ndi soketi yofanana nawo kukula. Ndipo kapaipi kamene kamakhala pakati pa ma bearing awiriwo musakaiwale. Popanda iko, mukamanga nati ya ekiselo mumawafinya onse awiri.

Mabuleki akale musawakhulupirire ngakhale akuoneka onenepa. Guluu wake akakalamba, chikopa chimatha kumatuka n'kutseka wilo muli pa liwiro. Fumbi lake musaliuzire ndi pakamwa, ena akale anali ndi asbestos. Pukutani ndi nsalu yonyowa. Timphira ta pa sipuloketi tinasintha nthawi yomweyo.

Mafoloko akutsogolo ndiwo anandiphunzitsa kudekha. Bauti yapansi muyambe mwaimasulako sipuling'i ikadali yopanikizika, apo ayi imangozungulira limodzi ndi chamkati, inu thukuta kamukamu. Oilo amene anatuluka anali wotuwa, wonunkha ngati ngalande, ndipo mwendo wakumanzere unali pafupifupi wouma. Mapaipi tinawagubuduza pagalasi kuti tione ngati anapindika. Anali owongoka, koma dzimbiri linali litadya timabowo pa chitsulo chowalacho. Timabowo timeneti, tikakhala pamene seal imadutsa, timaing'amba ngati lezala. Mungaike seal yatsopano lero, posakhalitsa oilo ayambanso kutsetsereka kulowera ku mabuleki. Paipi imodzi inatheka ndi sandipepa yosalala kwambiri. Inayo mkulu uja anangopukusa mutu, ndalama ya penti n'kupita pamenepo. Zinandiwawa, sindinama.

Oilo wa mafoloko ayezedwe ndi jekeseni, wofanana miyendo yonse, mulingo wake muupeze m'buku la njingayo. Za "thirani mpaka pooneka bwino" zisiyeni.

Loweruka lapitali bambo anabwera kudzaiona. Anakanikiza mahandulo katatu, mafoloko n'kutsika, n'kubwerera mwakachetechete. Kenako anagwada, zomwe mawondo awo salola masiku ano, n'kugwira tayala lakumbuyo momwe anachitira mkulu uja. Silinagwedere. Anadzuka, n'kupukuta manja pa thalauza.

"Nanga tcheniyi waiona? Yatha. Makiyi ndisunga kaye."

Thanki ikadali ndi dzimbiri lake.