Nzeru ikatsekeredwa mumpanda, amalipira ndani?

Amayi anzathu, atsikana, ndi abambo amene mumatsata tsamba lino, nkhani ya lero ena muiona ngati ya azungu ndi makompyuta awo. Musadutse msanga. Ngati muli ndi foni m'manja, ngati munalandirapo ndalama pa Mpamba kapena Airtel Money, ngati dzina la mwana wanu linalowapo mu kompyuta ya kuchipatala, nkhaniyi ikukukhudzani. Tikunena za patenti ya mapulogalamu a pakompyuta.

Tiyambe ndi chitsanzo cha pamoto. Mayi wina walemba kabuku kofotokoza kaphikidwe ka zitumbuwa. Lamulo la umwini wa zolemba, lomwe kwathu kuno limayang'aniridwa ndi COSOMA, limaletsa wina kukopera kabukuko n'kumagulitsa ngati kake. Apo palibe vuto, thukuta la munthu lilemekezedwe. Koma patenti ndi chinthu china. Patenti imatchinga njira yeniyeniyo. Mayi uja atapatsidwa patenti ya kusakaniza nthochi ndi ufa n'kukazinga m'mafuta, ndiye kuti inu simungagulitse chitumbuwa popanda chilolezo chake, ngakhale njirayo mutaitulukira nokha, osamuonapo iye n'komwe. Ndipo m'mayiko ambiri chiletsocho chimatenga zaka 20.

Mukuseka, eti? Zofanana ndi zimenezi zinachitika ku America. Mu 1999 kampani ya Amazon inapatsidwa patenti ya njira yogulira katundu pa intaneti pongodina kamodzi. Maganizo ake ndi omwe aja a wagolosale amene amakudziwani kale: mukangoloza sopo, iye walemba kale m'buku, osakufunsaninso dzina. Chaka chomwecho Amazon inasumira kampani yogulitsa mabuku ya Barnes & Noble, ndipo khoti linalamula kuti kampaniyo isiye kaye njirayo. Makasitomala ake anayenera kumadina kawiri. Apple inachita kulipira kuti igwiritse ntchito kudina kamodziko. Ofesi yoona za patenti ku Ulaya inakana kupereka patenti imeneyi, koma ku America inakhalapo mpaka 2017.

Ku Ulaya mkangano unakula kwambiri. Mu 2002 akuluakulu a European Union anabweretsa bilu yokhudza patenti ya zinthu zoyendera mapulogalamu. Makampani akuluakulu ankaifuna. Olemba mapulogalamu wamba, timakampani ting'onoting'ono ndi anthu okonda mapulogalamu aulere anaikana, anachita zionetsero, analembera aphungu awo mosatopa. Pa 6 July 2005 nyumba ya malamulo ya Ulaya inaikana biluyo ndi mavoti 648, oivomera anali 14 okha. Tinene zoona, ena mwa oikanawo anali oifuna poyamba, amene anaona kuti ikasinthidwa siwakomeranso. Komabe phunziro lilipo: nkhani imene inkaoneka ngati ya maloya okhaokha inagwedezeka chifukwa anthu wamba anaiphunzira n'kuyankhula. Ku America nako, mu 2014 khoti lalikulu, pa mlandu wa Alice ndi CLS Bank, linagamula kuti kutenga ganizo wamba n'kungonena kuti "lichitike pa kompyuta" sikokwanira kuti munthu apatsidwe patenti.

Tsono ife zikutikhudza pati? Funsani mayi aliyense amene anadwazika m'zaka za m'ma 1990. Mankhwala otalikitsa moyo analipo, koma pa munthu mmodzi ankadya ndalama zoposa madola 10,000 pa chaka, ndipo patenti inkaletsa ena kupanga otchipa. Tinaika m'manda alongo athu, amuna athu, ana athu, mankhwala ali m'mashelefu a mayiko ena. Amene ankachapa, kuphika phala ndi kulera ana amasiye anali amayi ndi agogo aakazi. Boma la South Africa litakonza lamulo loti lizitha kupeza mankhwala otchipa, makampani 39 opanga mankhwala analisumira. Anthu anadzaza misewu, gulu la Treatment Action Campaign lili patsogolo, ndipo mu April 2001 makampaniwo anausiya mlanduwo. Chaka chomwecho kampani ya ku India ya Cipla inalengeza kuti itha kupereka mankhwala atatu ophatikiza pa madola 350 pa chaka. Mu 2004 Malawi inayamba kupereka ma ARV aulere m'zipatala za boma. Choncho mawu akuti patenti kwa ife si achilendo. Tikudziwa kuti pepala losainidwa kutali litha kusankha amene akhale ndi moyo kuno.

Wina anena kuti, koma munthu amene watulukira chinthu sayenera kudyerera? Ayenera, ndipo ife sitikutsutsa. Mtsikana wa ku MUBAS kapena ku Mzuni akalemba pulogalamu yake, wina asamubere. Koma chitetezo chimenecho ali nacho kale, chifukwa zimene walemba zimatetezedwa ndi lamulo la umwini wa zolemba, osalipira loya. Chimene patenti imawonjezera ndi mphamvu yoletsa ena kuganiza njira yofanana. Ndipo mapulogalamu samangidwa ngati mankhwala. Mankhwala amodzi amatenga zaka zambiri za kafukufuku ndi kuyesa, n'chifukwa chake opanga ake amati akufunika nthawi yobweza ndalama zawo. Pulogalamu imodzi ya pafoni imamangidwa ndi timaganizo tambirimbiri, tina takale, tina ta anthu ena, ngati mmene nyumba imamangidwira ndi njerwa. Njerwa iliyonse ikakhala ndi mwini wake wofuna msonkho, angamange nyumba ndani? Yekhayo amene ali ndi maloya ambiri. Ndiponso zaka 20 pa nkhani ya makompyuta ndi moyo wonse. Ganizani foni imene munali nayo zaka 20 zapitazo, ngati munali nayo n'komwe.

Ku America kuli makampani amene sapanga kanthu kalikonse. Ntchito yawo ndi kugula mapatenti n'kumatumiza makalata oopseza kwa amalonda: lipirani, apo ayi tikumana kukhoti. Ambiri amalipira, osati chifukwa alakwa, koma chifukwa mlandu wa patenti ndi wodula kuposa ndalama imene akufunsidwayo. Masewera otere wosauka sapambana.

Nanga mapatentiwo ali m'manja mwa ndani? Malinga ndi bungwe la WIPO, mwa anthu olembedwa kuti ndi otulukira zinthu pa mafomu opempha patenti m'mayiko ambiri nthawi imodzi, amayi safika mmodzi pa asanu alionse. Si kuti amayi alibe nzeru za makompyuta. Ada Lovelace analemba ndondomeko ya kawerengedwe ka makina mu 1843, kompyuta isanabadwe. Amene ankakonza mapulogalamu a ENIAC, imodzi mwa makompyuta oyambirira, anali amayi asanu ndi mmodzi, ndipo kwa zaka zambiri mayina awo sankatchulidwa. Margaret Hamilton anatsogolera gulu lolemba mapulogalamu a chombo chimene chinafikitsa anthu kumwezi mu 1969. Ntchito amayi amagwira, koma pepala la umwini limafuna ndalama, maloya ndi mpando wa pamwamba m'kampani, zinthu zimene amayi amatsekerezedwa kale. Izi tikuzidziwa bwino. Si zomwe zija za munda umene mayi walima zaka 30 koma kalata yake ili m'dzina la wina?

Pali njira ina, ndipo tikuidyerera kale. Pa 30 April 1993 bungwe la CERN ku Switzerland linapereka kwaulere luso la masamba a pa intaneti limene Tim Berners-Lee anatulukira, kuti aliyense agwiritse ntchito osalipira. Akanaliika mumpanda, mwina simukanawerenga nkhani ino. Pulogalamu ya DHIS2, imene unduna wa zaumoyo kuno ndi m'mayiko ambiri a mu Africa amasonkhanitsira ziwerengero za m'zipatala, monga za sikelo ya amayi oyembekezera ndi katemera wa ana, inakonzedwa motsogozedwa ndi yunivesite ya Oslo ndipo ndi yotseguka: aliyense atha kuiona mkati, kuikonza ndi kuisintha kuti igwirizane ndi dziko lake. Mapulogalamu otere ndi amene mapatenti otambalala amawaopseza kwambiri, chifukwa chinthu chogawidwa ulere sichingalipire msonkho pa munthu aliyense wochigwiritsa ntchito.

Maganizo athu ndi awa. Zimene munthu walemba zitetezedwe, koma ganizo wamba lisakhale ndi mpanda. Pansi pa malamulo a bungwe la zamalonda la WTO, mayiko osaukitsitsa ngati Malawi anapatsidwa mpata mpaka July 2034 asanakakamizidwe kutsatira zambiri za pangano la TRIPS, lomwe limakamba za patenti. Mpata umenewu si wogona nawo. Mayiko ngati India ndi New Zealand analemba m'malamulo awo kuti pulogalamu ya pakompyuta payokha siipatsidwa patenti. Ifenso titha kusankha. Malawi ndi membala wa ARIPO, bungwe la ku Harare limene limapereka mapatenti ogwira ntchito m'mayiko angapo a mu Africa kuno, choncho zimene zimavomerezedwa kumeneko tiyenera kumazitsatira.

Tikupempha aphungu athu, makamaka aphungu aakazi, kuti malamulo a umwini wa luso kapena mapangano a zamalonda ndi mayiko olemera akabwera m'nyumba ya malamulo, asangowadutsitsa poti ndi ovuta kumva. Afunse kuti apindule ndani, alipire ndani. Boma likamagula mapulogalamu a m'zipatala ndi m'masukulu, liyambe layang'ana otseguka, amene ana athu angathe kuwakonza okha osadikira mwini wake wa kunja. Ndipo pa misonkhano yokambirana zimenezi pakhale amayi, osati ongolandira alendo ndi kulemba mayina pakhomo.

Paja amati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Pa nkhani ya mankhwala tinadzuka maliro atachuluka kale. Pa nkhani iyi nthawi ikadalipo. Inu atsikana amene mukuphunzira za makompyuta, ndi inu amayi amene bizinesi yanu imayendera pafoni, mukuti bwanji? Tiuzeni maganizo anu, ndipo nkhaniyi mugawireko phungu wa kwanu.