Chitopa timachinyamula tokha pa njinga, agogo asiyeni

 Lero ndilemba zowawa pang'ono. Amene zimukhudze andikhululukire, koma asandiimbire foni kuti ndifufute, sindifufuta.

Lachitatu lapitali ndakwirira nkhuku 17 kuseri kwa nkhokwe. Ndinali nazo 23. Zatsala 6, ndipo ziwiri mwa zimenezi makosi apotoka, zikungoyenda chozungulira ngati zamwa kachasu. Tambala wanga wa Mikolongwe uja, amene ena munamuona pa chithunzi mwezi wa Juni n'kumalemba kuti "ameneyo atidikire pa Khirisimasi", ndiye anayamba kupita. Mayi a kunyumba tsiku limenelo nsima sanaikhudze. Misoti 9 mwa zakufazo inali yawo, ndipo ndi imene amadalira kuti agulitse alipire ndalama ya mayeso ya mtsikana wathu wa Fomu 2.

Si ine ndekha. Yendani m'mudzi muno m'mawa muone ngati mumve tambala akulira. Kuli zii. Ana a sukulu akuchedwa kudzuka.

Koma chimene chandilembetsa si nkhuku zanga ayi. Dzulo pa mjigo, ndi pa bawo pomwe, anthu akuluakulu a ndevu zawo amanena kuti nkhuku zatha chifukwa cha agogo aja a kumapeto kwa mudzi, ati chifukwa zawo sizinafe. Eti anawaza mankhwala usiku. Wina mpaka anati tikawafunse bwinobwino. Kufunsa kwake timakudziwa. Tamva pa wailesi kangati za nkhalamba zomenyedwa, zina kuphedwa kumene, nkhani yake itayamba chonchi pa mjigo?

Ndiye ndikuuzeni mmene chitopa chalowera m'mudzi muno, chifukwa ndinaona ndi maso angawa.

Masabata atatu apitawo, tsiku la msika, panabwera munthu ndi dengu la nkhuku pa njinga, akugulitsa theka la mtengo. Tonse tinadutsa pamenepo. Nkhuku zake zinali zosinza, mapiko ali pansi ngati zafunda jekete la eni ake, kumbuyo kuli chitosi chobiriwira. Munthu woweta nkhuku saphonya zimenezo. Koma mnzathu wina wa m'mudzi muno, dzina sinditchula, akudzidziwa yekha, anagula atambala awiri. Mmodzi anapha tsiku lomwelo, nthenga ndi matumbo n'kutaya pa dzala, agalu n'kukoka mudzi wonse. Winayo anamumasula kuti akwere misoti yake. Pasanathe sabata khola lake linayamba kugwa. Kenako la oyandikana naye. Kenako langa, poti nkhuku zathu zimapalasa pa dzala limodzi ndi kumwa madzi pa mjigo umodzi. Nkhuku sidziwa malire a bwalo.

Nanga agogo akubwera pati pamenepa?

Za nkhuku za agogo ndikuuzaninso, ngakhale zikundichititsa manyazi. Mwezi wa Malichi tonse tinatemera. Wotemera uja anabwera, dontho limodzi m'diso la nkhuku iliyonse, basi. Anatiuza momveka kuti mphamvu ya dontholo imatha pakapita miyezi inayi, ndiye tibwerezenso Julaye, kenako Novembala. Julaye atafika, anatumiza uthenga kuti alembe mayina. Botolo limodzi limakwana nkhuku mazana, ndipo akalitsekula silikhala masiku ambiri, ndiye sangalitsekule chifukwa cha nkhuku 30. M'mudzi wonse uno tinalembetsa makomo anayi okha. Enanu munati nkhuku zili bwinobwino, ndalama tiwonongerenji. Wotemera sanabwere, anapita mudzi wa kutsidya kwa dambo.

Agogo aja anatani? Anadzutsa mdzukulu wawo mbandakucha, anagwira nkhuku zawo 7 zisanatuluke, anaika mu dengu, mwana n'kupalasa njinga kukatemetsa kutsidya. Ine ndinamuona mwanayo akudutsa. Ndinati ndipita mawa. Mawa lake ndinali ku dimba kuthirira tomato, mkuja ku maliro, kenako ndinaiwala. Ufiti wa agogo ndi umenewo, dengu ndi njinga. Ndipo amene mukuti zawo sizinafe, pitani mukafunse za anapiye 5 amene anaswedwa mu Seputembala, katemera atadutsa kale. Onse anafa. Mfiti yake yotani yolodza anapiye ake omwe?

Amene ali ndi chilakolako chotchula munthu mfiti adziwenso kuti lamulo la dziko lino, lija la 1911, limaletsa zimenezo, ndipo munthu amamangidwa nazo. Ine ndanena poyera: wina akakhudza agogo aja, ndidzakhala woyamba kupita kwa amfumu ndi ku polisi, ngakhale akhale m'bale wanga.

Tsopano ndibwere pa khalidwe limene likutimaliza, logulitsa nkhuku yodwala. Pano sindiloza chala munthu wa njinga uja yekha, chifukwa inenso ndinachitapo. Zaka zapitazo, ana akadali aang'ono, nditaona nkhuku ziwiri zayamba kusinza, ndinagwira zotsalazo usiku, m'mawa ndili pa msika. Ndinagulitsa zonse, ndinabwera ndi mchere, sopo ndi kanyama, ndikudziona wochenjera. Patapita sabata ndinamva kuti kwa apongozi anga nkhuku zatha. Mlamu wanga anali atagula imodzi kwa venda amene anagula kwa ine. Sindinawauze mpaka lero, awerenga pompano. Alamu, pepani. Chimene unataya kumsika chimabwerera pakhomo, chimangosintha njira.

Ndikudziwa chimene ena munene. Muti, akulu inu, munthu wosauka angakwirire ndalama? Nkhuku zikuyamba kufa, fizi ikudikira, ufa watha, ndiye azingoyang'ana? Funso limeneli ndi loona, ine sindiliseka, ndalawa kuwawa kwake sabata yomwe ino. Koma taganizani. Mukagulitsa nkhuku 10 zodwala pa theka la mtengo, mwapulumutsa ndalama ya nkhuku 5. Mudzi umene zapitako utaya nkhuku zingati? Ndipo amene ataye ndi ndani? Ndi mayi wamasiye wonga mlongo wanu, amene nkhuku zake zitatu ndiye banki yake yonse. Umphawi wanu mwangousenzetsa munthu wosauka kuposa inu. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Pajatu ife a kumudzi nkhuku sitiiwetera ndiwo zokha. Mwana akatentha thupi usiku, ya kabaza kupita kuchipatala imachokera m'khola. Ya kuchigayo, m'khola. Makope ndi yunifolomu, m'khola. Ukalakwa pa bwalo la amfumu, amati bweretsa nkhuku. Pa chinkhoswe ankhoswe amapatsana tambala ndi thadzi. Mbuzi ndi ng'ombe mwamuna amazilamulira, koma nkhuku nthawi zambiri ndi ya mayi, ndiyo ndalama imene amagwira osapempha munthu. Ndiye chitopa chikadutsa m'mudzi, amene amalira kwambiri ndi amayi ndi ana, ife abambo tili pa bawo kufunafuna mfiti.

Za mankhwala athu achikuda nazonso tinene chilungamo. Ine sabata ino ndasinja tsabola, ndathira alovera m'madzi, nimu, phulusa, mpaka makapisozi a ku golosale. Zafa zikumwa zomwezo. Alangizi a ziweto akhala akutiuza kuti chitopa chilibe mankhwala ochiza, ndi kachilombo kamene makapisozi sakapha. Pa chitopa chilichonse pamatsala nkhuku imodzi kapena ziwiri zolimba, ndiye mwini wake amati ndi tsabola wandithandiza. Nanga 15 zimene zinafa sizinamwe tsabola yemweyo?

Ena mumati katemera ndiye amapha nkhuku. Nkhani imeneyi ndikuidziwa chiyambi chake. Munthu amadikira mpaka nkhuku za oyandikana naye zayamba kugwa, ndiye n'kuthamangira wotemera. Nthawi imeneyo kachilombo kalowa kale m'khola, kangobisala masiku ochepa. Zikafa amati ndi dontho lija. Katemera amafuna nkhuku ya moyo wabwino, ndipo amatenga pafupifupi masabata awiri kuti agwire ntchito. Sumanga nkhokwe chimanga chitanyowa kale. Katemera ameneyu, wa I-2, amapangidwa konkuno ku Malawi, ku labotale ya boma ya za ziweto ku Lilongwe. Safuna jakisoni, ndipo amapirira kutentha kusiyana ndi akatemera ena, n'chifukwa chake wotemera amatha kuyenda naye atamukulunga m'kansalu konyowa. Mtengo wa dontho limodzi sufika ngakhale pa mtengo wa dzira limodzi. Ine ndinataya tambala wa Mikolongwe chifukwa cha ndalama yosakwana dzira ndi ulesi wa tsiku limodzi.

Tsopano inu abale a m'tauni, a ku Kawale, a ku Ndirande, a ku Mchesi, ndi inu a ku Joni, musaganize kuti ndakuiwalani. Timakukondani. Mukabwera, galimoto isanazime n'komwe, ana ayamba kale kuthamangitsa tambala. Mumadya, mumajambula mbale, mumaika pa Facebook kuti nkhuku ya lokolo ilibe inzake, za m'tauni n'zamadzimadzi. Pobwerera wina timakumangirirani miyendo kuti mukadye ndi ana. Sitidandaula, mlendo ndi mame. Koma ndifunse, ndani mwa inu anayamba waimba foni mwezi wa Julaye kufunsa kuti mayi, nkhuku zija mwatemera? Mayunitsi amene mumathera pa kanema mmodzi wa pa WhatsApp angatemere khola lonse la mayi anu. Tumizani pa Mpamba kapena pa Airtel Money katatu pa chaka, Malichi, Julaye, Novembala, ndipo munene kuti iyi ndi ya katemera, asagulire shuga.

Chinanso, lekani kutigulira nkhuku zamoyo za m'mbali mwa msewu pobwera kuno. Mtima wanu ndi wabwino, koma simudziwa khola limene yachokera. Nyengo yotentha ino, kuyambira Ogasiti mpaka mvula itagwa, nkhuku yotchipa pa msewu muziyiopa. Mukafuna kutipatsa mphatso bweretsani mchere ndi mafuta ophikira, nkhuku mudzaipeza kuno.

Ndiye kuti ndisangolalata, nazi zimene ndikanene pa msonkhano wa amfumu Loweruka likudzali. Amene akutsutsa abwere adzatsutse pamaso, osati pa mjigo.

Choyamba, katemera akhale wa mudzi wonse, tsiku limodzi, katatu pa chaka. Tisankhe amayi awiri olemba mayina ndi kutolera ndalama sabata imodzi tsikulo lisanafike. Usiku wake aliyense atsekere nkhuku zake, za mu mtengo zomwe, kuti wotemera asamathamange nazo m'mawa. Nkhalamba ndi amasiye amene alibe, tiwasonkhere. Nkhuku ya mnzako yosatemera ndi khomo lolowera matenda kwa anapiye ako.

Chachiwiri, nkhuku yachilendo, kaya yogula, kaya yamphatso, kaya ya chindapusa, ikhale payokha masabata awiri isanasakanikirane ndi zinzake. Ikadwala, yadwala yokha.

Chachitatu, nkhuku yofa yokha tikwirire dzenje lakuya loti galu asafukule, kapena titenthe. Amene wapha yake isanafe, nthenga, matumbo ndi madzi otsukira zilowe m'dzenje, osati pa dzala. Ndipo nyama yake musatumize kwa achibale mudzi wina, mukuwatumizira maliro a khola lawo.

Chachinayi, matenda akalowa, nkhuku isatuluke m'mudzi kupita kumsika mpaka zitadutsa. Mavenda a madengu aime ku msewu, asalowe m'mabwalo mwathu. Wogwidwa akugulitsa yodwala, amfumu aone chochita naye, ndipo ine ndikadzabwereza zanga zakale zija mudzayambe ndi ine.

Makola amene mwafera nkhuku tisese, zitosi tikwirire, ndipo tisathamangire kugula zina mawa lomwe. Tidikire mwezi ndithu, alangizi atiuze. Zotsala zamoyo, ngati zili bwino, Novembala uno zilandire dontho.

Dzulo madzulo agogo aja anabwera kwathu ndi ndodo yawo. Nkhani za pa mjigo anazimva, maso anali ofiira. Koma chimene anabwerera n'chakuti thadzi lawo limodzi layamba kuikira, ndiye akuti likaswa ndipo matenda akadutsa, adzapatsa mayi a kunyumba misoti iwiri kuti ayambirenso, ikadzaswa adzabweze umodzi. Ndi mmene makolo athu ankachitira, khola likagwa mnzako amakubwereka mbewu. Munthu amene mukumutcha mfiti ndiye yekha watsala ndi mbewu ya nkhuku m'mudzi muno, ndipo ambiri a inu mudzapita kukagogoda pakhomo pake pomwepo.

Loweruka 2 koloko, pansi pa mtengo wa kachere. Bwerani ndi chiwerengero cha nkhuku zanu zotsala. A m'tauni, tumizirani uthengawu makolo anu amene alibe foni yaikulu, wina awawerengere.