Sikuti c4 ndiyo inagwetsa Spassky

Okonda chess akamakumbukira mpikisano wa Bobby Fischer ndi Boris Spassky ku Reykjavik mu 1972, ambiri amathamangira ku gemu yachisanu ndi chimodzi, ya pa 23 July. Fischer, yemwe pafupifupi nthawi zonse ankatsegula ndi e4, tsikulo anatsegula ndi c4. Posakhalitsa masewero analowa mu Queen's Gambit, m'njira ya Tartakower, yomwe Spassky anali ataizolowera kwa zaka zambiri.

Anthu amati kudzidzimuka ndiko kunamugwetsa Spassky. Ine ndimakana. Katswiri wa dziko lonse lapansi ngati iye sasokonezeka mutu chifukwa mnzake wamutsata kumunda komwe iye amalima chaka ndi chaka.

Nkhani yagona pa kusuntha kwa nambala 14. Fischer anapititsa bishopu pa b5, nzeru yomwe Semyon Furman anayesa pa Efim Geller mu 1970. Tsono Geller yemweyo ndiye anali mmodzi mwa othandiza Spassky ku Iceland, ndiye kuti msasa wawo sunali mlendo pa msamphawu. Koma Spassky anangokankha pawn pa a6. Sikunali kulakwa kwakukulu, ayi. Kungoti kuchokera apo ma pawn ake awiri apakati, pa c5 ndi d5, anasanduka katundu wofunika kumulondera.

Fischer sanapupulume. Anadya bishopu pa e6 ndi hatchi yake, ndipo pa kusuntha kwa 20 anaponya e4 kuti aswe pakatipo. Spassky anasuntha d4, ndipo c4 inatsegukira bishopu woyera.  Zotsatira zake zinali f4, e5, kenako f5, uku wakuda akungoyendetsa zida uku ndi uku kumbuyo. Pa 38 Fischer anapereka rook posinthana ndi hatchi pa f6, ndipo pa 41 Spassky anagonja. Anthu m'holo ataomba m'manja, nayenso Spassky anaomba nawo. Aka kanali koyamba Fischer kutsogola, 3½ kwa 2½, chonsecho gemu yoyamba anagonja ndipo yachiwiri sanabwere n'komwe.

Yankho la bishopu wa pa b5 uja linalipo: mfumukazi pa b7. Geller analitulutsa yekha ku Hilversum mu 1973, n'kugonjetsa nalo Jan Timman.