Tirigu wogontha amene timadya m'buledi

Buledi, mandasi, masikono: ufa wake ndi wa tirigu, ndipo wambiri timachita kugula kunja. Tirigu ameneyu ndi wamfupi mwadala. Wakale ankatalika mpaka m'chifuwa mwa munthu, ndiye ukam'thira feteleza wambiri ngala zinkalemera, mphepo n'kumugwetsa, zokolola n'kuolera pansi.

Zomera nazo zili ndi mahomoni, si anthu okha ayi. Maselo onse a tirigu ali ndi majini ofanana, koma majiniwo sagwira ntchito onse nthawi imodzi. Ena amadzuka, ena amagona, ndipo mahomoni ndi ena mwa amene amawadzutsa. Homoni yotalikitsa phesi ndi gibberellin. M'maselo muli puloteni yotchedwa DELLA, imene ili ngati buleki ya njinga: imatsekereza majini okulitsa mmera. Gibberellin ikafika, DELLA imaphwanyidwa, buleki n'kumasuka, phesi n'kumatalika.

Mu 1935 ku Japan anatulutsa mbewu ya tirigu wamfupi yotchedwa Norin 10. Buleki yake simasuka bwinobwino ngakhale gibberellin ichuluke chotani. Tingoti ndi tirigu wogontha. Norman Borlaug, amene ankagwira ntchito ku Mexico, analowetsa khalidweli m'mbewu zatsopano, ndipo chakudya chimene chikanathera m'phesi chinayamba kupita ku njere. Mbewuzo zinakweza kwambiri zokolola ku India ndi Pakistan m'ma 1960, iye n'kulandira mphoto ya Nobel mu 1970. Choseketsa n'chakuti nthawi yonseyi palibe ankadziwa mmene majiniwo, otchedwa Rht, amagwirira ntchito. Anadzazitulukira ndi akatswiri a ku John Innes Centre ku England mu 1999.

Koma kugontha kuli ndi mtengo wake, ndipo mtengowo umaoneka kukauma. Chilala chikagwa, tirigu amachulutsa homoni ina, abscisic acid. Iyi imatseka timabowo ta pamasamba kuti madzi asatuluke, komanso imadzutsa majini opanga mapuloteni oteteza maselo. Zonsezi zimathandiza mmera umene watuluka kale m'dothi. Nanga umene ukadali pansi?

Njere ikamamera imatulutsa kachikuta kosongoka kamene kamaboola dothi, tsamba loyamba lili m'kati mwake. Buleki ija imafupikitsanso kachikutaka. Mlimi wa kumalo ouma amafuna kukwirira mbewu mozama, kumene kuli chinyezi, koma akatero kachikuta kamalephera kufika pamwamba, tsamba limatsegukira m'dothi, mmera n'kufera momwemo. Akabzala pamwamba, njere imangokhala m'fumbi kudikira mvula. Kwa ine apa ndi pamene nkhani ya Borlaug imaiwalidwa: mbewu zake zinkachita bwino kwambiri m'minda yothirira ndi ya feteleza, osati ya mlimi woyang'ana kumwamba.

Ku Australia, kumene tirigu wambiri amadalira mvula, akatswiri a bungwe la CSIRO akhala akuyesa majini ena ofupikitsa, monga Rht18. Tirigu wake amakhalabe wamfupi, koma amamva gibberellin, kachikuta kake n'kukhala kotalika moti amatuluka ngakhale atakwiriridwa masentimita 10.